Mango a Achimwene, Anayianayi

Mango makumi anayi amene ndinatumiza kwawo kwa Fainala anadyedwa ndi nkhumba. Onse. Ndinathyola ndekha mame asanaume, ndikusankha okhaokha opanda bala, kuwapukuta ndi malaya anga, kuwayala m'dengu pamasamba a nthochi ngati mazira. Mayi ake a Fainala anangosuzumiramo kamodzi, n'kukoleka dengulo kunsonga ya ndodo ngati muli mphiri, ulendo wa kukhola.

Nkhaniyi ndinaimva pafoni. Uthenga wa Fainala unali waufupi: "Mango afika. Nkhumba zikuthokoza. Musabwere kuno kaye."

Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimbanso, foni inali yozima. Ndinakakhala pansi pa mtengo womwewo umene ndinathyolamo mangowo, n'kuwafunsa achimwene anga a Raymond kuti, "Mwaziona zimene mwandiyambitsirazi?" Nawonso sanayankhe. Anthu akufa ndi atsikana a kwa Mphepo khalidwe lawo ndi limodzi.

* * *

Ine ndine Lameki. Ndimakhala ndi amayi anga kuseri kwa Santhe, kumene minda ya fodya imayambira pakhomo n'kukathera kumene maso athera. Ndinali chaka chachiwiri kukoleji ya zaulimi ku Lilongwe pamene lole yonyamula mabelo a fodya inagunda a Raymond ali panjinga. Ndinabwera kudzaika maliro, osabwereranso. Ena amati ndinalephera mayeso, ena amati ndi chamba. Zoona zake n'zakuti ndinafika pasiteji ndi chikwama changa, basi inaima, kondakitala anandikoka dzanja, koma miyendo inakana.

A Raymond anali munthu yekhayo m'mudzi mwathu amene anakwerapo ndege. Bungwe lina la mpingo linawatumiza ku Cambodia kukaphunzira ulimi wothirira. Mudzi wonse unkayembekeza kuti abwerako ndi galimoto. Anabwera ataonda, ali ndi kansalu kofiira m'khosi ndi kawerengedwe ka mango.

Ankati m'chilankhulo cha kumeneko, Chikhmer, chinthu suchiwerenga chili maliseche. Nambala imayenda ndi liwu loiperekeza: anthu lawo, mitengo lake, zipatso lake. Mango atatu amati suvai bei pulaye, ndiye kuti mango, atatu, zipatso. Koma chimene chinawatenga mtima ndi amayi a m'misika, amene amawerenga zipatso zinayizinayi. Zinayi pamodzi ndi damba. Madamba khumi ndi pulooni, makumi anayi amenewo. Mapulooni khumi ndi sileki.

"Achimwene, ndege yonse ija kukatenga zimenezi?" ndinkawaseka.

"Nanga iwe sunena kuti phava la nthochi, mkoko wa nthochi, ndindi ya fodya? N'chimodzimodzi, mbuzi iwe. Gwira awiri dzanja ili, awiri dzanja ilo. Moi damba. Pii damba. Bei damba. Tiye!"

Mtengo wa pakhomo pathu anabzala ndi malemu bambo, koma ndi a Raymond amene anaumezanitsa ndi nthambi za mango onona, opanda ulusi. Chiwaikireni m'manda, ndikathyola mango ndimawerenga mwa njira yawo. Si kuti ndi yachangu. Kungoti ndikati "bei damba" ndimamva mawu awo, kachifuwa kawo kaja, ndi "mbuzi iwe" yemwe. Zovala zawo anagawana achibale. Kansalu kofiira kanapita nawo. Ine ndinatsala ndi zimenezi.

* * *

Fainala amagulitsa tomato ndi zipatso pamsika wa Santhe. Mango atayamba kupsa chaka chino anabwera kudzaoda kwa amayi, n'kundipeza nditagwada pamulu, milomo ikuyenda.

"Mukupemphera kapena mukutukwana?" anandifunsa.

"Ndikuwerenga."

"M'chilankhulo cha abakha?"

"Cha ku Cambodia."

"Ili mbali iti? Kupitirira Jenda?"

"Kupitirira pang'ono."

Anaseka mpaka anakhala pansi. Chichitikireni maliro panalibe amene anasekapo pansi pa mtengo umenewo. Anthu ankadutsapo atawerama ngati pamanda. Iye anavula masilipasi, kuwakhalira, n'kunena kuti, "Tandiphunzitsani, ndizikawazunguza makasitomala."

Mutu wa Fainala ndi wakuthwa ngati mpeni wa m'butchala. Dzuwa lisanapendeke anali atafika pa dopu damba, madamba khumi, moi pulooni, ndipo ndikalumpha ankandimenya dzanja. Kuyambira pamenepo mafoni athu sanapumenso. Tsiku lina ndinamulembera kuti, "Ndakusowa sileki yathunthu." Anayankha: "Ine damba imodzi basi. Kwatentha, munthu sungasowe mnzako kwambiri."

Nditamufunsira anandizunguza monga amachitira atsikana. Koyamba anati aganize. Kachiwiri anati akuganizabe, ndisamusokoneze. Kachitatu anavomera, akusankha tomato woola, osandiyang'ana n'komwe, n'kunena kuti ndikaonekere kwa amalume ake, a Mphepo, mkulu wa mpingo. Mango aja ndinatumiza kuti atsogole, njira ifewe.

* * *

Ndinaiwala kuti panjirapo pali Chance.

Chance ndi uja wa njinga yamoto yofiira ndi jekete lachikopa limene savula ngakhale mu Okutobala. Nyengo ya makuponi a fetereza ndiyo nyengo yake. Amazungulira m'midzi kugula makuponi kwa okalamba amene alibe poyambira, ndipo pofika mvula matumba amakhala ali kwa iye, anthu akumugwadira. Waumba njerwa za nyumba ya malata. Uvuni waima, ukudikira nkhuni. Anabwerapo kwathu kudzafunsa ngati mtengo wa mango tikugulitsa, amayi n'kumuuza kuti akafunse mwini wake kumanda.

Tsiku lina lamsika anatipeza ine ndi Fainala tikuunjika milu.

"Pii damba," anatero Fainala.

"Bei damba," ndinatero ine.

Chance anazimitsa njinga, n'kuvula magalasi pang'onopang'ono ngati munthu amene akujambulidwa.

"Asisi, zayamba liti zimenezi? Ndimayesa mpingo wanu salankhula malilime."

"Mugula tomato, achimwene, kapena mwabwera kudzatitchingira mphepo?"

"Ndingagule benchi yonse, ndi mwini benchi yemwe."

"Mwini benchi anagulidwa kale. Kwatsala anyezi."

Amayi a m'mabenchi oyandikana anaseka. Chance anasekanso, koma mano okha. Anatembenukira kwa ine.

"Bwana wa kukoleji. Digiri ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

"Malemu anakusiyira katundu wolemera, aise. Usamale naye. Zakunja zimafuna mwini wake."

Ndinayesa ndi chipongwe wamba cha munthu wokanidwa. Sindinadziwe kuti akuyesa kaye pa ine nkhani imene akukaifotokoza kwina.

* * *

Mango atadyedwa ndinapirira mmene ndikanathera, kenako ndinamutsatira Fainala kudambo kumene amathirira nazale ya fodya ya amalume ake. Anandiona ndili patali, koma sanasiye kuthirira.

"Ndinati musabwere."

"Unati ndisabwere kwanu. Kuno ndi kudambo."

"Nzeru za kukoleji zimenezo? Gwirani kheni iyi, anthu aziyesa ndinu waganyu."

Ndinagwira. Tinayenda m'mbali mwa mabedi, iye uko ine uku, akulankhula maso ali pambande.

"Amayi anandimva ndikuwerenga mazira. Moi damba, pii damba. Anagwetsa ndowa. Madzulo ake Chance anafika kwa amalume. Mukudziwa kuti chaka chino kuponi yawadumpha amalume? Ndiye Chance akuti asadandaule, matumba alipo, pachibale sitionana ndi maso ouma. Kenako anatsitsa mawu. Akuti achimwene anu anakatenga mankhwala kunja kuja, anawakwirira pansi pa mtengo uja, n'chifukwa chake mango ake alibe ulusi. Akuti anaphonya chizimba, ndiye lole ija. Akuti mawu amene mumanena powerenga ndi odzutsira mankhwalawo, ndipo mtsikana akadya bango lowerengedwa choncho sangaonenso mwamuna wina."

"Ndipo amalume ako, mkulu wa mpingo, anakhulupirira?"

"Anatsegula Baibulo, anapemphera, n'kukhulupirira."

"Mango alibe ulusi chifukwa ndi omezanitsa! Mlangizi aliyense akudziwa!"

"Kaziuzeni nkhumba. Imodzi yafa."

"Nkhumba zikufa dera lonse lino ndi chigodola! Kwa Njombwa makola atha!"

"Eya. Koma yathu yafa itadya mango anu."

Ndinaponya kheni pansi, madzi n'kundithira m'nsapato.

"Musaphwanye, si yanu," anatero. "Komanso a Lameki, inunso mumawathandiza anthuwa. Tsitsi limenelo linaonana liti ndi chipeso? Kutchalitchi simupita. Anthu amakupezani mukukambirana ndi mtengo. Ine ndikanakhala amayi bwenzi nditawaza mchere pakhomo ponse."

"Ndiye nawenso ukuti ndinakudyetsa?"

"Mukanandidyetsa bwenzi ndikukupsera mtima chonchi? Mankhwala ake achabechabe." Anatola kheni, n'kuimiza m'chitsime. "Amalume akuti mubwere Loweruka, ndi mango a mtengo womwewo. Ndipo mupese."

* * *

Pamwambo wathu mnyamata sapita yekha kwa eni mbeta. Amapita ndi womulankhulira. Amalume anga anapita kumafamu a ku Zambia ine ndili mwana, ndipo ngakhale kumaliro sanabwere. Wondilankhulira anali a Raymond. Anali atalonjeza kalekale: "Tsiku limenelo iwe udzangokhala duu ngati thumba la chimanga, ndidzalankhula ndine." Choncho ndinapita ndekha, nditapesa, dengu lili pakaliyala.

A Mphepo anandikhazika pachitsa m'chigafa chopanda fodya, iwo n'kukhala pampando wa ndalema. Chance anali pamthunzi, atakhalira njinga yake, akuti wabwera ngati mboni. Mayi ake a Fainala sanatuluke. Munthu amene angadzakhale mkamwini sayang'anizana naye, choncho anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, mawu okha akudutsa. Fainala anali komweko. Ndinkaona mapazi ake pansi pa mpandawo.

"Wabwera wekha?" anafunsa a Mphepo.

"Ndekha, bambo."

"Hmm. Munthu woyenda yekha amakhala akudalira china chake."

"Amene akanandiperekeza anamwalira."

"Tikudziwa. Nkhani yake ndi yomweyo. Idya."

Ndinadya. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Madzi ake ankayenderera mpaka m'zigongono, ntchentche za mudzi wonse zinabwera kudzaonerera. A Mphepo ankangoloza dengu ndi chibwano. Nditakhuta ndinapukuta pakamwa.

"Ndadya, bambo, ndipo ndili moyo."

"Achimwene," anatero mawu a kuseri kwa mpanda, "galu saluma mbuye wake."

A Mphepo anagwedeza mutu. "Alongo anga anena zoona. Mwini mankhwala safa nawo."

"Nanga mwandidyetseranji?"

"Timafuna tione ngati uchite mantha. Sunachite. Zimenezo zatidetsa nkhawa kwambiri."

Ndinayang'ana kudenga la chigafa, kumene kunalibe ngakhale tsamba limodzi loti lindichitire umboni.

"Tanena mawu aja timve," anatero a Mphepo.

"Moi damba, pii..."

"Basi! Basi! Osati pakhomo panga!" anakuwa mayi aja. "Mwazi wa Yesu!"

Ndinafotokoza mofatsa mmene ndikanathera. Kuti ndi kuwerenga chabe. Kuti amayi a m'misika ya ku Cambodia amawerenga zipatso zinayizinayi, ndipo gulu lililonse lili ndi dzina lake.

"Zinayizinayi?" A Mphepo anatambasula dzanja lawo, n'kuliyang'anitsitsa. "Mulungu anatipatsa zala zisanu. Munthu wowerenga zinayizinayi, chala chinacho wachipereka kwa ndani?"

"Funso limenelo, amalume," anatero Chance. Anali atayamba kale kuwatchula amalume.

"Bambo," ndinatero, "inu fodya mumamanga ndindi, simuwerenga tsamba limodzilimodzi. Nthochi mumati phava. Anthu a kumeneko nawonso..."

"Ndindi ndimaimva. Phava ndimalimva. Anthu ako a ku Cambodiawo anawaona ndani? Mmodzi yekha. Ndipo ali kuti lero?"

Pamenepo ndinadzuka pachitsa, n'kukuwa.

"Anagundidwa ndi lole ya fodya! Fodya yemweyu mukuthirira kudamboyu! Osati mango!"

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa. Ndinali nditakweza mawu kwa eni mbeta, pakhomo pawo, ndilibe wondipepesera.

A Mphepo anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi nkhwangwa. Chance anabwezako njinga m'mbuyo pang'ono. Koma iwo anangoigoneka pamapazi anga.

"Sindine munthu woipa, mwana wanga. Bambo ako ndinkaimba nawo kwaya. Mtsikanayu akukufuna, koma kaya ndi mtima wake kaya ndi mango, sitikudziwa. Ndiye tidziwe. Ukadule mtengowo, chitsa uzule, tione chimene chili pansi. Mawuwo muwasiye, iwe ndi iye yemwe. Ikagwa mvula yowokera fodya mtengo uli chiimire, usadzapondenso pano. Ena agogoda kale, ndipo iwo abwera ndi akuluakulu awo. Tenga yangayi, usadzati yako ndi yobuntha."

"Nkhuni zake musavutike nazo," anatero Chance. "Ndidzatumiza ngolo. Ulere."

Ndinaziona zonse ngati zachitika kale: mtengo wa a Raymond ukuyaka mu uvuni, ukuotcha njerwa za nyumba imene Chance akufuna kukalowetsamo Fainala. Ndinayang'ana pansi pa mpanda. Mapazi a Fainala anali pomwepo. Ndinadikira liwu limodzi lokha. Silinabwere.

* * *

Amayi anandiona ndikutsika panjinga ndi nkhwangwa ya eni ake, koma sanafunse. Nkhani inali itafika kale. Kwathu nkhani imathamanga kuposa njinga. Anali pakhonde, akusenda mtedza wa mbewu.

"Dula," anatero.

"Amayi!"

"Ndati dula. Mtengo si Raymond."

"Si ndinu munamuthamangitsa Chance?"

"Chance amafuna nkhuni. Iwe ukufuna mkazi. Ine ndinaika mwana mmodzi, Lameki. Wachiwiriyu akudziika yekha pang'onopang'ono pansi pa mtengo, ndipo ndikuona. Mtsikana uja atayamba kubwera unayamba kusamba osauzidwa."

"Ndikadula ndiye kuti ndavomera kuti achimwene anali mfiti."

Amayi anasiya kusenda. Anayang'ana mtengowo, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ati ndi fumbi la mtedza.

"Akufa sachita manyazi," anatero. "Amoyo ndiwo amakalamba okha."

Ndinamulembera Fainala: "Unakhala chete." Sanayankhe. Ndinalembanso: "Ngakhale kutsokomola kokha." Zii.

Amene anabwera ndi Chance. Anaimika njinga pabwalo pathu osaodira, n'kuyamba kuukumbatira mtengo kuti adziwe kunenepa kwake.

"Ngolo imodzi sikwana apa," anatero. "Udule m'munsi, aise, thunthu lisaonongeke."

"Choka."

"Ine ndikukuthandiza. Ukadula, mwina amalume akumvera chisoni. Ukapanda kudula, ndiye zanga zayera. Mbali zonse ine sindiluza." Anavala magalasi. "Dzulo ndinakatula matumba a fetereza kwa amalume. Asisi aja ndiwo anandithira madzi osamba m'manja. Anagwada bwino kwambiri."

Anathyola bango, kuliyang'ana, kukumbukira bodza lake lomwe, n'kulitaya pansi.

* * *

Mitambo inayamba kusonkhana cha kumadzulo. M'minda anthu anali atamaliza mizere, akungoyang'ana kumwamba. Foni yanga inali duu. Ndinkaona Fainala atagwada ndi beseni pamaso pa Chance, ndikatseka maso n'kumuonanso.

Masana a tsiku limene mphepo inayamba kununkha dothi lonyowa, ndinatenga nkhwangwa. Ndinaima pansi pa mtengo, ndinagwira khungwa lake. Pamwamba, pamene nthambi za a Raymond zinalumikizana ndi za bambo, zipsera za mpeni wawo zimaonekabe.

"Pepani achimwene," ndinatero. "Munati mudzandilankhulira. Simunabwere."

Ndinalavulira m'manja, n'kukweza nkhwangwa.

Bango linandigwera paliwombo. Ndisanadziwe chimene chachitika, lina linandimenya paphewa.

"Moi, pii," anatero mawu a m'masamba. "Atsala awiri kuti ikwane damba. Kwezaninso nkhwangwayo muone."

Ndinayang'ana kumwamba. Fainala anali atakhala panthambi yaikulu, chitenje atachimanga ngati kabudula, miyendo ikulendewera. Kuseri kwa thunthu kunali chikwama cha zovala ndi ndowa, masilipasi ali pamwamba.

"Fainala! Ukutani mmenemo? Mkazi sakwera mumtengo!"

"Amati mtengo umasiya kubala. Nanga si mukuudula? Dulani, tigwere limodzi."

"Tsika!"

"Sinditsika. Ndabwera."

"Wabwera kudzatani?"

"Kudzakhala. Chikwama simukuchiona? Koleji yake inali iti imeneyi?"

"Loweruka lija unakhala chete!"

"Amayi anali atanditseka pakamwa ndi dzanja lonse. Foni analanda, ili m'thumba la amalume, ndipo mauthenga anu amawawerenga mokweza pakhomo. Za kutsokomola zija anaseka nazo ndi Chance."

"Chance amene unamugwadira ndi beseni?"

"Madzi ake anali otsukira nsomba. Sanakuuzeni?" Anaweramira pansi, nkhope itasintha. "Koma inu mwakweza nkhwangwa, a Lameki. Ndakuonani ndi maso angawa. Munthu wodula mtengo wa mbale wake chifukwa cha bodza la Chance, mawa adzadula chiyani?"

"Ndimadulira iwe!"

"Ndinakutumani?"

Ndinafuna kudzimenya ndi mpini. "Amalume ako akuti dula. Amayi anga akuti dula. Chance wayeza kale ndi ngolo zomwe. Iwe ukuti..."

"Ine ndikuti wakhani. Bei."

Bango lachitatu linabwera, ndinaliwakha ndi dzanja lamanzere.

"Fainala, tamvera. Ukudziwa chimene anene? Mtsikana wathawa kwawo dzuwa likuswa mtengo, wasiya nazale, wakakwera mumtengo womwewo. Anena kuti mankhwala agwira. Umboni umene amausowa wawapatsa ndiwe!"

"Ananena kale. Ndikaseka, ndi mankhwala. Ndikakana Chance, ndi mankhwala. Ndikadwala mutu, ndi mankhwala. Bola ndizidya mango."

Amayi anatuluka m'nyumba atamva phokoso. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana chikwama, anandiyang'ana ine, n'kugwira pakamwa. Mapewa awo ankagwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo ndikuganiza kuti nawonso sankadziwa.

Kenako tinamva njinga yamoto.

Inatulukira pakati pa mizere ya munda wa kumtunda, yofiira, ikuutsa fumbi. Kutsogolo Chance, kumbuyo a Mphepo, dzanja lina litagwira chipewa, lina Baibulo. Patali ndithu kumbuyo kwawo kunkabwera gulu la amayi likuthamanga, ndipo patsogolo pake panali mayi ake a Fainala, manja ali kumutu. Ulendo uno panalibe mpanda pakati pathu.

Ndinadziona mmene iwo ankandionera: mnyamata wosiya sukulu, wolankhula ndi akufa, nkhwangwa kudzanja lamanja, bango kulamanzere, mwana wawo ali m'nthambi ngati kadzidzi.

"Fainala," ndinanong'ona, "chonde. Ngakhale kungokhala chete. Lero lokha."

Anathyola bango lina, n'kulipukuta pabulauzi. Anadikira mpaka njinga itazima, a Mphepo ataponda pansi. Ndiye analiponya bwinobwino, likagwe pakati pa nsapato zawo, n'kunena mokweza kuti ndi amayi othamanga aja amve:

"Buoni! Lachinayi! Moi damba, amalume. Mwabwera ndi dengu?"

A Mphepo anatsegula pakamwa. Asanalankhule, dontho loyamba la mvula yowokera fodya linagwera pankhwangwa yawo imene inali m'manja mwanga, mtengo uli chiimire.